A Sasula ndi Nyumba ya Esinati

A Sasula tinawaika Lachinayi lapitali, ndipo ndinene zoona, olira anali ochepa. Ambiri anabwera kudzatsimikiza ngati apitadi. Ine ndinali mmodzi mwa onyamula bokosi, chifukwa munthu amene anakupatsa khonde losokerapo kwa zaka zonse zija sungamuthawe pa tsiku lake lomaliza, ngakhale ankakutukwana m'mawa uliwonse. Tili kumanda makutu anga anali kumsewu. Minibasi ikaima pa Lisungwi ndinkati mwina Esinati watsika. Esinatiyu ndi mwana wa mlongo wawo, amene a Sasula anamulera okha mayi ake atamwalira, ndipo ndi yemweyonso amene anamugwetsera nyumba ndi manja awo dzuwa likuswa mtengo. Moyo wawo wonse wotsala anakhala akudikira kuti mwanayo abwerere kwawo. Pamaliro sanabwere.

Dzina lawo la ubatizo linali Wilisoni Kamtedza, koma ukanafunsa dzina limenelo pamsika palibe akanakulozera. Ankadziwika ndi ntchito ya manja awo, yosasula madenga a anthu. Anali munthu wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe yapangolo, ndipo chala chimodzi anachisiya mumgodi ku Joni. Kumeneko anabwerako ndi tindalama, nsapato za jombo ndi mkwiyo umene sunkasankha tsiku. Ankabwereketsa ndalama, komanso ankagwirizanitsa wogula ndi wogulitsa nyumba. Ine ndine telala. Makina anga anali pakhonde pawo, ndiye zonse zinkachitikira kumbuyo kwa khutu langa.

Zipani zambiri zitangobwera kumene, aliyense kuno anadzuka ali wabizinesi. Wina akufuna kukaoda usipa, wina kaunjika, wina akuti agule chigayo. Ufulu unali pakamwa pa aliyense koma m'thumba munalibe kanthu, ndiye mzere unkathera pakhonde pa a Sasula. Iwowo sankapereka ndalama kwa munthu amene sakumvetsa mawu a ngongole. Ankati munthu amene wasainira mawu osawadziwa ndiye amadzabwera ndi chikwanje. Ndiye asanatsegule chikwama ankayamba aphunzitsa kaye, ndipo sukulu yawo inali ndi mbama.

Dipoziti ankaifotokoza ngati kulavulira chakudya kuti mnzako asachikhudze: wasonyeza kuti ukuchifuna, koma sichinafike m'mimba mwako. Wogula ukabwerera m'mbuyo, dipoziti yapita, usadzalire. Akabwerera ndi wogulitsa, abweze yonse. Chiwongoladzanja ankati ndi mwana wa ngongole, amene amabadwa mwezi uliwonse ndipo sadwala. Ankakondanso kusimba za ku Joni, kumene banki imakugulira nyumba, iwe n'kulowamo ndi mkazi ndi mipando, koma mpaka utamaliza kubweza ndiwe mlonda chabe wa nyumba ya banki. Kumeneko amati bondi, a m'tauni kwathu kuno amati mogeji. Ukafunsa chifukwa chake banki sibwera kuno, ankakuyang'ana ngati waponda mphasa yawo ndi matope. Banki imafuna malo a lizi, olembetsedwa kuboma m'dzina la munthu mmodzi, oti ikhoza kulanda n'kugulitsa. Kuno dothi ndi la amfumu ndi mbumba, palibe angalinyamule. Choncho banki ya kuno ndine, ankatero, akudziguguda pachifuwa ndi dzanja la zala zinayi lija.

Mawu amene ankawaphunzitsa mwankhanza kuposa onse anali chikole. Popeza dothi sangalande, ndipo khoma sangalikweze pangolo, chikole chawo chinali malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo. Wofuna ngongole ankapita naye kunyumba kwake masana, n'kumukweza pamakwerero, n'kugwira dzanja lake n'kulikanikiza palata. Amene anakhalako ku Lisungwi mwezi wa Okutobala akudziwa kuti lata la masana limapsereza. Munthu ankaphiriphitha, iwo osamusiya, mpaka anene ndi pakamwa pake kuti ndikalephera kubweza, lata ili si langanso. Ndaonapo amuna akuluakulu akubwerera pakhonde akuuzira chikhatho.

Lamulo lina limene sankaliphwanya linali lakuti mkazi wa m'nyumbamo akhalepo. Mboni za pamowa ankazithamangitsa. Ankati mboni yoyamba ndi amene amagona pansi pa dengalo ndi ana, ndipo mkaziyo akapukusa mutu, mwamuna ankabwerera chimanjamanja, nthawi zina ndi theche la jombo pamwamba. Amayi ena ankawadalitsa chifukwa cha chimenechi. Amayi omwewo ankawatemberera tsiku losasula.

Pakuti kusasula ankasasuladi. Sankasamala kuti kumwamba kwachita mdima wa mvula kapena m'nyumba muli wodwala. Ankafika ndi ngolo, hamala ndi chitsulo chachitali chozulira misomali. Bambo wina wa ku Dambe, amene ndalama ya usipa anaimwera, anawatulukira ndi chikwanje iwo ali padenga. A Sasula sanatsike. Anangosolola lata limene anali atazula kale n'kulitsetsereka chopingasa, ndipo linamudula bamboyo pamphumi mpaka khungu linaphimba diso. Anamukweza pangolo yomweyo pamwamba pa malata ake, n'kukamutula kuchipatala, malatawo n'kupitirira nawo. Anthu akamati mutu umodzi susenza denga, iwo ankayankha kuti koma kusasula umasasula.

Kutchalitchi anawaletsa mgonero kalekale, ndipo sankadandaula. Amene ankalimbana nawo tsiku ndi tsiku anali Che Amidu, Msilamu wa sitolo yoyang'anana ndi khonde lathu. Che Amidu ankawakuwira kutsidya kwa msewu kuti chiwongoladzanja ndi chakudya cha kumoto. A Sasula ankabweza kuti mwana wa ngongole wa Che Amidu amabisala mumtengo wa shuga. Tsiku lina mawu atatha, Che Amidu anaponya mwala wa sikelo n'kuwagulula dzino lakutsogolo. A Sasula anatola dzinolo, n'kuwoloka msewu, n'kukaliika pasikelo kuti aliyeze. Kenako anagubuduza kauntala yonse. Mawa lake anali kumwera tiyi limodzi, akunyozana ngati kale. Pamaliro paja Che Amidu, amene tsopano amayenda ndi ndodo, ndi amene anapereka misomali ya bokosi, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mkanjo.

Munthu mmodzi yekha amene sanamukwezerepo dzanja, kufikira tsiku lija, anali Esinati. Iwo ana analibe, mkazi anawathawa iwo atangobwerako ku Joni. Esinati ankawalanda kapu ya tiyi pakamwa ali kamtsikana, iwo n'kumangoseka ndi mpata wa dzino lawo. Atakula anamupatsa malo a malemu mayi ake, kuseri kwa msika cha kumtsinje, ndipo anakwatiwa ndi Fulaye, mnyamata wa ku Zalewa wa pakamwa potsekemera. Monga mwa chikamwini, Fulaye ndiye anabwera kudzakhala kwa mkazi. Kunena chilungamo, nyumba anamanga yabwino, ya njerwa zowotcha, pansi pa simenti, chitseko cha mbawa. Njerwazo anaumba ndi Esinati, madzi akutunga ndi Esinatiyo kumtsinje ali ndi pakati. Makatani ndinasoka ndine, a maluwa achikasu, ndipo Esinati anandibweza kawiri kuti ndakhotetsa mpendero.

Nthenda ya bizinesi itamugwira Fulaye, anafuna kugula minibasi ndi anzake. Kwa apongozi ake a Sasula sakanapita, poti ankadziwa kuti akaitanitsa mkazi. Anakapeza bambo wina wa ku Blantyre, a Magombo, amene anali atangopuma pantchito ndipo ankafuna kokhala kotsika mtengo. Anawaonetsa nyumbayo kuti aigule tsiku limene Esinati anali kumaliro ku Dambe. Mboni zinali anzake a pamowa. A Magombo anapereka dipoziti, kenako ndalama yotsalayo, ndipo Fulaye anakwera basi. Sitinamuonenso, ngakhale minibasi yakeyo sitinaione.

A Magombo sanali munthu woipa. Anangoganiza za m'tauni, kuti ukagula nyumba wagula ndi pamene yakhala. Atamva mmene zinthu zilili anagwira mutu, chifukwa ndalamazo zinali thukuta la moyo wawo wonse. Iwo ndi Esinati anakambirana ngati anthu, n'kugwirizana kuti a Magombo ndi akazi awo atenge zipinda zakutsogolo, Esinati ndi ana akhale kumbuyo, azibweza pang'onopang'ono ndi geni yake ya tomato mpaka nyumba ibwerere m'manja mwake. Nkhaniyi Esinati anabwera nayo pakhonde, ine ndili pamakina.

“Amalume, tagwirizana. Chatsala ndi chakuti inu muvomereze basi.”

“Wagwirizana ndi ndani? Munthu wa m'tauni akayala mphasa pamalo, mawa amapita kuboma kukatenga lizi. Ukadzadzuka, manda a mayi ako ali m'mpanda mwake.”

“Ndiye abwezereni ndalama zawo inuyo. Muli nazo. Ine ndizibweza kwa inu, ndi chiwongoladzanja chomwe ngati mukufuna.”

“Ndikalipira ndiye kuti ndavomera kuti mkamwini akhoza kugulitsa dothi la mbumba yanga. Mawa akamwini onse a m'mudzi muno agulitsa.”

“Ine sindikunena za akamwini onse, amalume. Ndikunena za pogona ana anga. Mvula ili pafupi, eti?”

Esinati anagwada pafumbi, anthu a pamsika akuona. Iwo anayang'ana kumbali. Pa za lizi mwina ankanena zoona, sindikudziwa. Koma ndikudziwanso kuti ndalama ikalowa m'chikwama mwa a Sasula inkatuluka movutikira ngati munga wa m'phazi. Atachoka Esinati ndinayesa kuikapo mawu, ndinati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anandiuza kuti ndisoke zigamba zanga, apo ayi makina anga akagona mumtsinje.

Tsiku limene a Magombo anabwera ndi lole ya katundu, anapeza a Sasula ali kale padenga ndi anyamata awo aganyu. Unali m'mawa, anthu akupita kumsika. Ine ndinamva kulira kwa misomali ndili pakhonde, ndipo phokoso limenelo kuno aliyense ankalidziwa. Ndinathamanga. Ndinapeza malata ayamba kale kuunjikidwa m'mphepete mwa msewu, ana a Esinati ali pansi pa mtengo wa masawu akulira, mipando ndi ziwiya zili mbwee pabwalo.

“Akuluakulu, mukutani kodi?” anakuwa a Magombo akutsika m'lole. “Nyumbayi ndinagula ine!”

“Munaguladi,” anayankha a Sasula ali pamwamba. “Ndiye ndikukupakirirani. Malata anu ndi awo, zitseko zikubwera, njerwa muwerenge nokha. Dothi lokha musiye, silinali pamalonda.”

A Magombo anali atabwera ndi anyamata oitanira minibasi a ku Zalewa oti awatsitsire katundu. Mmodzi wa iwo, chimunthu chachitali, anakwera makwerero kuti akawagwetse. A Sasula anamudikira mpaka dzanja lake litagwira mtanda wa denga, n'kulimenya ndi chitsulo chija. Fupa linamveka kuthyoka ngakhale kwa ife tinali pansi. Mnyamatayo anagwa chagada pamulu wa malata. Anzake anayamba kugenda ndi zidutswa za njerwa, aganyu a a Sasula n'kubwezera, ndipo galasi la lole linaphwanyika. Njerwa ina inawapeza a Sasula pakhutu, magazi n'kutsikira m'khosi mpaka malaya onse kufiira, koma sanasiye kuzula. A Magombo anakhala pansi m'fumbi atagwira chipewa, akungoti, “Mayo ine, penshoni yanga.”

Esinati nthawi yonseyi anali m'nyumba, atakana kutuluka. Denga litatha, a Sasula anatsika n'kulowa, ndipo tinawaona akumukoka pamkono ngati mbuzi yopita kumsika. Iye anawaluma padzanja mpaka mano kulowa. Anamumenya mbama imodzi, yoyamba m'moyo wake, n'kumuponya pabwalo. Kenako anatenga mtengo wautali wa bulugama, iwo ndi aganyu awo, n'kuzungulira kuseri kukaukhomeza pakhoma lalitali la kuchipinda chogona.

Apo ndi pamene Esinati anadzuka n'kuthamangiranso m'kati. Anakaima m'chipindamo, n'kutsamira khoma lomwelo ndi msana, manja atatambasula.

“Amalume! Ndili muno! Gwetsani ndi ine ndemwe!”

Tonse tinakuwa. Ine ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Aganyu aja anasiya mtengo n'kubwerera m'mbuyo. A Sasula anatsala okha atagwira mtengowo, ndipo anaima. Ndinawaona ndi maso anga, anaima, mutu ataweramitsa ngati akumvetsera. Kenako anakuwa kuti, “Choka, iwe Esinati!” n'kuika phewa.

Zaka zonse zimene anasasula madenga, palibe munthu amene anakhalabe m'nyumba iwo akati choka. Amuna a zikwanje ankathawa, ankhoswe ankathawa, agalu omwe. Ndikhulupirira kuti ankadziwa ndi mtima wonse kuti nayenso athawa. Anaiwala kuti mwanayo anamulera ndi iwo.

Khoma linapendekeka pang'onopang'ono, kenako linagwa lonse. Fumbi litachepa, tinamupeza atakwiririka kuyambira m'chiuno kutsika. Sanalire. A Sasula ndi amene anabangula, kulira kumene sindinakumvepo pakamwa pa munthu wamwamuna, akufukula njerwa ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Atafuna kumunyamula, Esinati anatembenuza nkhope n'kuuza a Magombo kuti, “Bambo, ndinyamuleni ndinu.” Anapita kuchipatala pa lole ya munthu amene anabwera kudzatenga nyumba yake, limodzi ndi mnyamata wothyoka dzanja uja. Mwendo wakumanzere sunapulumuke, anaudula m'munsi mwa bondo.

A Sasula anakadzipereka okha kupolisi, magazi ali m'malaya, ndipo anakagwira ukaidi. A Magombo anatenga malata ndi zitseko n'kubwerera ku Blantyre, njerwa anazisiya poti zambiri zinali zitasweka. Akazi awo ndi amene anamutenga Esinati ndi ana atatuluka m'chipatala, n'kumupezera kachipinda ka lendi ndi benchi yogulitsirapo tomato. Dothi linatsala la mbumba, monga a Sasula anafunira.

Atatuluka kundende anali munthu wina pathupi, koma pakamwa panali pomwepo. Kubwereketsa anasiya, osati chifukwa cha kulapa, koma poti mabungwe a ngongole anali atadzaza ndipo anthu sankafunanso kupsereza zikhatho. Ankandituma ku Blantyre ndi ndalama, ndi uthenga wakuti njerwa aumbitsa, malata agula, abwere adzaloze pomanga. Esinati ankandilandira bwino, n'kundiphikira tiyi, ndalamazo n'kundibwezera m'thumba la malaya ndi dzanja lake. Ndikabwerera, a Sasula sankafunsa kuti wati chiyani. Ankafunsa kuti akuyenda bwanji ndi ndodozo, ndikayankha n'kunditukwana kuti sindidziwa kufotokoza.

Malowo anawalondera ngati mkango. Msika utakula, anthu ambiri ankawafuna, ena a magolosale, ena a tchalitchi chatsopano. Munthu wina anangoyerekeza kukhoma zikhomo m'malire, a Sasula, ali nkhalamba yonjenjemera, anamuthamangitsa ndi khasu mpaka kumsewu. Ankati malowo ali ndi mwini wake, ali paulendo. Malata amene anagulira Esinati anakhala m'chipinda mwawo mpaka kuchita dzimbiri, pamene denga la nyumba yawo lomwe linkadontha. Ndinkawamvera chisoni, ndipo nthawi zina ndinkadana nawo, zonse ziwiri pa tsiku limodzi.

Esinati anafika Lamlungu, maliro atatha, anthu atabalalika. Ndinamuona akutsika minibasi, tsitsi layamba imvi, mwana wake wamkazi akumugwirira ndodo. Anandipatsa moni pakhonde n'kundipempha kuti ndimuperekeze. Ndinayesa tikupita kumanda, koma pamphambano anakhotera kumtsinje.

Anayenda pasimenti ija ndi ndodo zake, akuuza mwana wake kuti apa panali pabalaza, apa ndi pamene unabadwira iwe. Atafika pamene panali chipinda chogona anaima. Ine, pofuna kuwanenera bwino malemu, ndinati mwina tsiku lija m'phokoso muja sanamve.

“Anamva, atelala,” anatero. “Msana wanga unali pakhoma. Mtengo unaleka kukankha, ndinati basi amalume andimvera. Kenako unabweranso.”

Ndinamuuza za malata ali m'chipinda, ndi kuti malowa tsopano ndi ake popanda wotsutsa. Anapukusa mutu.

“Malatawo mufolerere khonde lanu. Iwo anandisungira dothi. Ine ndinkafuna poti ndizitseka chitseko ana anga akagona.”

Anakwera minibasi ya masana omwewo.

Malowo ndimadutsapo popita kumtsinje. Mbali zonse kwamangidwa, kuli golosale, kuli chigayo, kuli nyumba za lendi zothithikana, ndipo pakati pake pali bwalo limenelo lopanda kanthu. Simenti inang'aluka, m'ming'alumo mwamera chisoso. Mizere ya maziko ikuonekabe, moti ukhoza kudziwa pamene panali khomo, ndi masitepe awiri okwera kulowa pamene palibe nyumba. Mulu wa njerwa zosweka unamera udzu n'kukhala ngati chulu. Chiyambire sabata ino amayi a kuchigayo ayamba kuyanikapo ufa, poti wowathamangitsa palibenso. Amayala mphasa zawo pabalaza ndi pakhomo, koma mbali ya chipinda chogona amaisiya, ndipo kumagona mbuzi.